Tabwerako ku Bangkok, nkhani ya usiku wa kumeneko ndi iyi

Wa ku 25: Abale ndi alongo tafikatu, tinatera pa KIA Lamulungu masana ndipo tonse atatu tili bwino. Ndinalonjeza kuti ndikabwera ndidzafotokoza za Bangkok nde ndi izi, kungoti mundipirire ndizilemba pang'onopang'ono chifukwa tulo tasokonekera, kuja ali patsogolo ndi maola 5 nde ndikumadzuka 2 koloko usiku maso ali gwa mpaka kucha

Sisi wa ku Joni: Takulandirani achimwene! Ma status aja tinkawaona tonse, yambani basi tikudikira

Admin: Tithokoze Mulungu mwayenda bwino. Fotokozani momasuka koma zithunzi muzisankha, muno muli akuluakulu

Wa ku 25: Tinakwera Ethiopian, Lilongwe mpaka Addis, kenako Addis mpaka Suvarnabhumi, bwalo la ndege la ku Bangkok, chigawo chimenecho ndi maola pafupifupi 9 uli chikhalire. Tinali ine, msuweni wanga Nesi amene ali muno, ndi mfana wa ku Kawale. Ukangotuluka panja kutentha kumakumenya kumaso ngati wavundukula mphika wa nyemba, a ku Nsanje mukuudziwa October, nde muwonjezerepo chinyontho, malaya amamata pathupi usanayende ndi patali pomwe. Tinakwera sitima yochokera pa bwalo la ndege pomwepo mpaka Ratchaprarop, kahotelo kathu kanali ku Pratunam. Tinangofikira kugona. Podzidzimuka inali 10 koloko usiku njala itatipweteka, ine nkumati basi tigona nayo, nthawi ino angatigulitse chakudya ndani. Mfana anati tiyeni tingosuzumira panja. Aise, msewu wonse uli ngwee, anthu pikitipikiti ngati mu Malangalanga kumapeto kwa mwezi, utsi wa makala, njinga zamoto, azimayi ndi ana awo kumanja. Pakona panali agogo ena aakazi akuwotcha tinyama ta nkhumba totunga pa timitengo, amati moo ping, pambali pawo mdzukulu wavala yunifolomu akulemba homuweki pa kampando ka pulasitiki pansi pa babu. Anatipatsa ndi kampunga komata ka m'kajumbo, khao niao, umatema ndi dzanja nkuumba mbamu ngati nsima basi. Ataona mmene tikuumbira agogo aja anaseka nkutiwonjezera kajumbo kena osalipiritsa. Ine chinthu choyamba chimene chinandigwira mtima ku Bangkok ndi mwana uja, 11 koloko usiku ali pa msewu akulemba masamu ndipo palibe akumudabwa

Mphunzitsi wa ku Dedza: Mwana wa sukulu 11 koloko usiku akuyenera kukhala atagona, zimenezo sindingaziyamikire ine

Nesi: Aphunzitsi mukunena zoona, nanenso ndinaganiza chomwecho. Koma zimene msuweni akunena nzakuti usiku wa kuja si wa zidakwa zokha. Kuno mtsikana ngati ine ndikangopezeka panja 10 koloko anthu andipatsa kale dzina, ndikachoka ku ntchito mochedwa ndimayenda mtima uli m'mwamba foni nditabisa mu bra. Kuja ndinayenda 1 koloko usiku kachikwama kali paphewa, atsikana anzanga ali pawiripawiri akudya zipatso, azimayi akuluakulu akugula ndiwo, wina akusisitidwa mapazi pakhonde la shopu. Ndinamva kupepukidwa kwina kwake kumene sindinakumvepo chibadwire

Sisi wa ku Joni: Izi nde zandikhudza chemwali. Kuno ku Joni 7 koloko geti takhoma kale, ukamva kugogoda umayamba wazimitsa nyali

Wa ku Chipata: Nanga ku Khao San munafikako? Ndiye kumene timaona pa TikTok ife

Wa ku 25: Tinafikako tsiku lachiwiri. Ndi kamsewu kakafupi, mamita ngati 400 basi, ati kale unali msika wa mpunga ndipo dzinalo limatanthauza mpunga wopuntha kale. Pano ndi mabala okhaokha kuyang'anizana, aliyense watulutsa ma speaker panja akupikisana nde pakati pa msewu umamva nyimbo zinayi nthawi imodzi, chifuwa chimachita kunjenjemera. Anthu akuvina pa msewu pomwepo, azungu, amwenye, ma Korea, eni dziko, mowa akumwera m'tindowa tating'ono ngati ta ana tosewerera mchenga, asakanizamo kachasu wa kwao ndi zakumwa zozizira ndi ayisi, ma straw anayi anthu anayi. DJ wina atationa anaika amapiano, mfana wa ku Kawale analowa pakati, posakhalitsa anthu anapanga bwalo akuwomba m'manja, anyamata ena a ku Japan akuyesera kutsatira mapazi ake. Tinavina mpaka malaya kuchita kufinyidwa

Mfana wa ku Kawale: Usiku umenewo sindidzauiwala man. Ndinavina ndi anthu oti sitikumvana ngakhale liwu limodzi koma aliyense akusekerera

Nesi: Musaiwale za ziwala

Wa ku 25: Eya! Pali timangolo togulitsa ziwala zokazinga, nkhululu, mphutsi za m'nsungwi, ndi zinkhanira zotunga pa mtengo. Azungu amangozungulira akujambula, ena akukuwa, mpaka ogulitsa anachita kulemba kuti kujambula kokha ulipira. Ife tinagula kajumbo ka ziwala nkumadya tikuyenda ngati mtedza, mayi wogulitsa anatifunsa kuti kwanu nkuti, tinamuonetsa chithunzi cha ngumbi pa foni, anaitana mnzake kuti adzaone. Amathira ka sosi ka mchere ndi tsabola wa ufa, zimakoma zedi. Zinkhanira zija eni ake sitinawaone akudya, zikuoneka kuti nza alendo ojambulitsa

Ankolo a ku Leeds: Ana inu ndawerenga zonse. Ndifunse mosapsatira, ndalama yonseyi mwaitenga kuti ndipo mwapindulanji? Tikiti yokha ya ku Thailand ndi ndalama yoti munthu ukhoza kuyambira kulipira puloti ku Mpingu kapena ku Chitedze. Dziko lili pa moto, dola ikusowa, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 ndipo sinadzukenso, inu mukukasintha ndalama kuti mukavine pa msewu? Ine ndili kuno zaka zambiri, ndimagwira ma shift a usiku, sindinapiteko ngakhale ku Spain kumene anzanga amapita chaka ndi chaka, chifukwa ndikudziwa kumene ndinachokera

Wa ku 25: Ankolo funso lanu ndi labwino ndipo ndikuyankhani mwaulemu. Sitinabe ndipo sitinakongole. Tinayamba chipereganyu atatu zaka ziwiri zapitazo, mwezi uliwonse osaphonya, ine ndinasiya kumwa kwa miyezi 14 kuti ndikwanitse. Komanso tinanyamula maoda a zovala a anthu asanu, phindu lake labweza pafupifupi theka la tikiti ya munthu mmodzi. Puloti ndikuifuna ndipo ndidzagula. Koma bambo anga anamwalira ali ndi zaka 52 asanaoneko ngakhale nyanja ya mchere, ankangoti ndikadzapuma pa ntchito. Ine zimenezo zimandiwawa mpaka lero

Ankolo a ku Leeds: Pepa mphwanga, bambo ako ndinkawadziwa, anali munthu wolimbikira. Sindikukana kuti munthu aone dziko. Nkhawa yanga ndi achinyamata ena muno amene aona ma status anu nkuyamba kukatenga katapila kuti nawonso akajambulitse

Mayi a Geni: Achimwene a ku Leeds apa mwalasa. Koma anawa musawakalipire kwambiri, ine ndi amene ndinawalangiza kuti akagone ku Pratunam. Ndayendako kangapo kukaoda zovala, ndipo ndikuuzeni, ndimafika, kugula, kupakira, kubwerera, Bangkok ndimaidziwa ya m'mashopu mwa Platinum ndi msika wa m'mamawa wa pafupi ndi Baiyoke basi. 8 koloko ndili m'chipinda ndikuwerengera ma risiti. Anawa m'masiku 6 aona zimene ine sindinazione maulendo onsewo, ndipo katundu wanga andibweretsera wosasowa ngakhale diresi imodzi

Nesi: Zikomo anti. Ndipo msika wa m'mamawa uja tinapitako tisanagone nkomwe, kuchoka kovina 4 koloko kukasamba kenako 5 koloko tili pa mzere wa madiresi, anthu amene akutsegula mashopu akukumana ndi amene akubwerera kokagona

Nesi: Koma ine malo anga ndi Yaowarat, Chinatown yawo. Umatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Wat Mangkon, kungokwera masitepe nkutulukira mumsewu wa zikwangwani zofiira ndi zachikasu zoyaka kuyambira pansi mpaka m'mwamba. Masana ndi mashopu a golide, dzuwa likangolowa amatulutsa matebulo mpaka mumsewu, magalimoto akudutsa pafupi ndi chigongono chako iwe ukudya. Tinakhala pa bambo wina wokazinga nkhanu ndi nsomba, chiwaya chake moto umalilima kupitirira mutu wake, dzanja limodzi akupukusa chiwaya linalo akuthira sosi osayang'ana nkomwe, mkazi wake akulandira ndalama akukuwa manambala a matebulo. Ndinaitanitsa som tam, ndi papaya wosapsa wopala nkusinja mu kamtondo ndi tsabola, mandimu, mtedza ndi tinsomba. Ndinanena kuti mai phet, kutanthauza kuti asawawitse, komabe milomo inachita dzanzi, ndipo ine ndi munthu woti kambuzi ndimadya tsiku lililonse. Tinamalizira mango ndi mpunga womata wothira mkaka wa kokonati. Chenjezo, Lolemba ogulitsa a mumsewu ambiri sabwera nde musakonze zopitako tsiku limenelo

Wa ku Chipata: Mitengo yake bwanji asisi, tiuzeni tiziwerengera

Nesi: Chakudya cha mumsewu mbale imodzi ife timalipira pakati pa 50 ndi 80 baht, nsomba ndi nkhanu nde zimakwera. 100 baht ndi pafupifupi madola atatu. Mowa wa Chang kapena Leo mu 7-Eleven ndi wotchipa, mu bala umawirikiza kawiri kapena katatu, pa mabala a padenga nde usafunse, kapu imodzi ndi chakudya cha tsiku lonse

Wa ku 25: Padenga tinakwerapo kamodzi, pa Mahanakhon, nsanjika ya nambala 78, mamita 314 kuchoka pansi. Pali malo ena pansi pake ndi galasi, amakupatsa tinsalu tovala kunsapato nkuyenda pamenepo magalimoto ukuwaona pansi pa mapazi ako ngati nyerere. Tinafika dzuwa likulowa nkuona mzinda ukuyaka mbali zonse mpaka kumene maso athera, mtsinje wa Chao Phraya ukukhotakhota pakati maboti ali ndi nyali zawo. Tinakhala chete tonse atatu kwa kanthawi. Ine mumtima ndinkangoganiza za mayi anga kuti kwathu dzuwa likamalowa chonchi amakhala akufufuza kandulo

Mphunzitsi wa ku Dedza: Apa nde pamene pagona nkhani. Usiku umene mukuuyamikirawo ndi magetsi osathima ndi mayendedwe odalirika. Kuno minibasi ikangokwana 7 koloko yasowa, kabaza akukweza mtengo, msewu uli bii. Munthu angagulitse bwanji chakudya pamalo oti kasitomala alibe chokwera pobwerera? Si kuti a Malawi sitikonda kuyenda usiku ayi, pa nthawi ya chitsitsimutso kapena ukwati timachezera mpaka mbandakucha

Wa ku 25: Ndi zomwezo aphunzitsi. Sitima ya m'mwamba ija, BTS, inayamba mu 1999 ndipo imayenda mpaka cha m'ma 12 usiku, mkati mozizira bwino, mphindi zochepa yabwera ina. Ikasiya pali ma taxi a mita oyambira 35 baht, pali Grab ya pa foni, pali akabaza a njinga zamoto ovala ma vest a orenji okhala ndi nambala kumsana. Nde mayi wogulitsa supu amadziwa kuti 1 koloko anthu adzakhalapo

Sisi wa ku Joni: Zonse zabwinozabwino? Palibe chimene chinakuvutani? Nenani zoona, ife a khungu lakuda timadziwa mmene zimakhalira kunja

Nesi: Zinalipo asisi. Pa kilabu ina cha ku Sukhumvit anatiuza pakhomo kuti mwadzadza, tili pomwepo azungu anayi analowa osafunsidwa kanthu. Mfana anafuna kuyankha ndinamugwira mkono, tinangochoka. Zinandipweteka kwambiri chifukwa tinali titatchena bwino, ndalama tili nazo, mapasipoti ali m'manja. Ma taxi enanso amaima nkukuyang'ana nkupitirira, kaya chifukwa cha khungu kaya safuna kuyatsa mita. Koma ndinenenso kuti amene anatichitira zabwino ndi ochuluka kutalitali kuposa amenewo

Wa ku 25: Komanso pa bala ina anatibweretsera bilu yoti munali zakumwa zitatu zimene sitinaitanitse. Mwamwayi Nesi amajambula menu nthawi zonse tisanakhale pansi, tinawaonetsa modekha, anabweza nkulemba ina. Kuja ukakweza mawu zinthu zimaipiratu, samakonda munthu wokalipa pagulu, ukalankhula motsitsa ukumwetulira zimatheka

Mayi a Geni: Ndipo a tuk-tuk akakuuzani kuti kumene mukupitako kwatsekedwa lero tiyeni ndikuperekezeni kwina kwa mtengo wochepa, kanani. Akukutengerani kwa telala wa masuti kapena ku shopu ya miyala ya mphete kumene amalandirako kangachepe. Mtengo muzigwirizana musanakwere

Admin: Mfana wa ku Kawale, tamva kuti unasowa usiku wina, tatiuza wekha

Mfana wa ku Kawale: Zoona bigi, ndipo si nkhani yoseketsa kwa ine. Linali tsiku lachinayi titachoka koonera nkhonya za Muay Thai ku Rajadamnern. Tinapita ku msika wina wa usiku, anthu anali ochuluka zedi, ine ndinaima kuti ndione ma jersey a mpira, potembenuka anzanga kulibe. Kutulutsa foni yathima, pawa banki ili m'chikwama cha Nesi. Dzina la hotelo ndinkalidziwa mongomva koma mmene ndimalitchulira palibe amene amandimva, zilembo zawo nazonso ndi zina, chikwangwani ukuchiona koma osawerenga kanthu. Ndinathamangira ku siteshoni ndinapeza akutseka ma shutter. Ndinayenda mwina ola lathunthu, misewu yonse ikufanana, 7-Eleven pakona iliyonse nde umaona ngati wabwerera pomwe unali. Mantha anandigwira enieni, ndinayamba kuganiza za mayi anga kuti akamva bwanji. Kenako ndinakhala pansi pafupi ndi pamene amaima akabaza aja, bambo wina wachikulire wa vest ya orenji anabwera nkundifunsa ndi manja kuti vuto nchani, ndinamuonetsa foni yakufa. Analowa nane mu shopu, analankhula ndi mtsikana wa pa till, anandichajira. Podikira anandigulira madzi ndi ndalama yake. Itayaka ndinapeza ma missed call 23. Bambo uja analankhula ndi wa pa reception ya hotelo pa foni yanga, anandipatsa chipewa nkundikweza mpaka pakhomo. Ndinamupatsa 500 baht anakana, anatenga 100 yokha nkundibwezera inayo m'thumba la malaya, anagwira manja pachifuwa nkumapita. Dzina lake sindikulidziwa koma ndimamupempherera

Nesi: Ine nthawi imeneyo ndinali ndikulira pa reception, msuweni atabwerera ku msika kuja kawiri. Tinali titatsala pang'ono kuimba 1155, nambala ya apolisi oona za alendo, amayankha m'Chingerezi. Atatulukira pa njinga ija ndinangomukumbatira osalankhula

Ankolo a ku Leeds: Mulungu adalitse bambo ameneyo. Ana inu phunziranipo, kakhadi ka hotelo kolembedwa m'chilankhulo chawo kazikhala m'thumba mwa aliyense, osati m'chikwama cha munthu mmodzi

Mfana wa ku Kawale: Kuyambira tsiku limenelo aliyense anali ndi kake ankolo, ndi fotokope ya pasipoti

Wa ku Chipata: Nkhonya zija zinali bwanji man, ndimazikonda maningi

Mfana wa ku Kawale: Aise ukapita usaphonye. Bwalo lake ndi lakale, linatsegulidwa mu 1945. Asanayambe kumenyana aliyense amavina kaye pang'onopang'ono kuzungulira ring, kugwada, kulemekeza aphunzitsi ake, atavala kachingwe kumutu. Nde pali gulu la oimba ndi chitoliro ndi ng'oma limene limaimba nkhonya ili mkati, zikafika potentha nawonso amafulumiza. Amamenya ndi zibakera, zigongono, mawondo ndi miyendo, bondo likalowa m'nthiti bwalo lonse limakuwa pamodzi. Anyamata ake ndi ochepa thupi koma mwendo ukamenya umamveka uli kumtunda

Sisi wa ku Joni: Nanga zija timamva za Nana ndi Soi Cowboy, anyamata inu musatinamize kuti simunapiteko

Wa ku 25: Tinadutsamo asisi sindinama, ndipo Nesi anali nafe. Soi Cowboy ndi kamsewu kakafupi pafupi ndi siteshoni ya Asok, nyali zofiira zokhazokha, atsikana atakhala pakhomo akuitana. Tinalowera uku nkutulukira uko, mphindi zisanu. Sitinalowe mu bala iliyonse

Nesi: Ine pamenepo mtima unandiwawa. Mtsikana wina anali atakhala pa mpando wautali atavala nambala pachifuwa, akuyang'ana video ya kamwana pa foni, kasitomala atayandikira anaibisa nkuyamba kumwetulira. Ambiri mwa iwo amachokera ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kumene kuli umphawi, amatumiza ndalama kumudzi kwa makolo ndi ana. Ndi nkhani yomweyi ya atsikana athu a ku Bwandilo kapena ku Kamba. Nde pamene tikuyamikira usiku wa kuja tisaiwale kuti ena akusangalala ena ali pa ntchito yowawa, ngakhale agogo a moo ping aja, zaka zimenezo kuima pa moto mpaka 2 koloko si masewera

Mayi a Geni: Wanena bwino mwanawe. Ndiwonjezere za malamulo chifukwa achinyamata mukamva nyimbo mumaiwala. Mowa ndi wa azaka 20 kupita m'mwamba, pa makilabu amafuna chitupa. M'mashopu ikakwana 12 usiku sagulitsanso, komanso pa masiku akuluakulu a chipembedzo cha Buddha. Vape ndi yoletsedwa, musanyamule nkomwe ngakhale muone ena akusuta. Za mfumu yawo musayankhulepo chilichonse choipa ngakhale mocheza, lamulo lake ndi zaka mpaka 15 kundende. Ndalama zawo zili ndi nkhope ya mfumu nde ikagwa musaiponde ndi phazi kuti isauluke

Mphunzitsi wa ku Dedza: Nanga chamba? Ndinamva kuti kuja nchololedwa

Wa ku 25: Anachichotsa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa mu 2022 nde mashopu ake anadzadza paliponse, tsamba lobiriwira likuyaka pakhomo. Koma mu June 2025 anasinthanso, pano pamafunika kalata ya dokotala. Ife sitinayandikire. Ndipo wina akakupemphani pa bwalo la ndege kuti mumunyamulire kachikwama, ngakhale alankhule Chichewa, kanani

Nesi: Za tindowa tija nanenso ndichenjeze monga wa zachipatala. Mowa wosakaniza umene sunaone botolo lake ndi woopsa. Mu November 2024 alendo 6 anamwalira ku Vang Vieng m'dziko la Laos, loyandikana ndi Thailand, atamwa mowa wokhala ndi methanol, ambiri anali achinyamata ngati ife tomwe. Ife titamwa kandowa kamodzi tsiku lija ndinawauza anyamatawa kuti basi, kuyambira pano wa m'botolo wotsegula tikuona, ndipo kapu yako usaisiye pa tebulo ukamapita kovina

Wa ku Chipata: Ine pali munthu anandilembera pa Facebook kuti kuli ntchito ku Bangkok ya customer service, malipiro madola 1,000 pamwezi, tikiti alipira okha, akungofuna munthu wodziwa Chingerezi ndi kutaipa. Nde mmene mukufotokozeramu mtima wayamba kufuna

Ankolo a ku Leeds: AYI mphwanga. Usayerekeze. Mubloke lero lomwe

Mayi a Geni: Mwana wanga ndikukupempha, usapite. Zimenezo ndi zija amakulandira pa bwalo la ndege ndi galimoto yabwino, iwe nkumati tikupita ku ofesi, koma akukutengera ku Mae Sot kumalire, kukuwolotsa mtsinje usiku kulowa ku Myanmar, ku Myawaddy. Kumeneko amakulanda pasipoti nkukutsekera mumpanda, ntchito yake ndi kubera anthu pa intaneti, ukalephera kukwanitsa amakumenya. Kumayambiriro kwa 2025 anatulutsako anthu masauzande, ambiri a ku China komanso a ku Ethiopia, Kenya ndi maiko ena a kuno kwathu. Taona kale mmene atsikana athu anazunzikira ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, tisabwerezenso

Wa ku 25: Aise mvera akuluakuluwa. Bangkok imene ndikufotokoza ine ndi ya munthu amene wapita ndi visa yake, tikiti yobwerera ili m'manja, pasipoti ili m'thumba mwake. Nditumizire sikirinishoti ya munthuyo ku inbox tione limodzi

Wa ku Chipata: Zikomo abale, thupi langa lachita tsembwe. Ndinali nditamutumizira kale CV koma pasipoti sindinatumize. Ndamubloka

Admin: Wachita bwino. Uthenga wa Mayi a Geni ndaupina pamwamba kuti aliyense auone, ndipo amene walandira zofanana ndi zimenezi anene muno

Sisi wa ku Joni: Achimwene a ku 25, usiku womaliza munatani? Malizitsani

Wa ku 25: Womaliza sitinapite kovina. Ndalama zinali zitatsala zochepa komanso matupi atatopa. Tinakwera boti ya pa Chao Phraya madzulo nkutsika cha ku Tha Tien, tinagula nkhuku yowotcha ndi khao niao ndi mabotolo atatu, nkukhala m'mbali mwa mtsinje moyang'anana ndi kachisi wa Wat Arun. Mdima utagwa anamuyatsa yense, nsanja ija ikuwala ngati golide mpaka m'madzi. Pafupi nafe panali banja lina, bambo, mayi ndi ana awiri ndi agogo pa wheelchair, nawonso akudya zawo, kamwana kena kanabwera kudzagwira tsitsi la Nesi mayi ake nkumapepesa. Tinakambirana zambiri usiku umenewo, za ntchito, za makolo, za zimene tikufuna tisanafike zaka 35. Mfana ananena kuti akufuna ayambe kuwotcha nyama madzulo pa Kawale, aike sola ndi mababu anayi ndi mipando yoti munthu akhoza kubwera ndi mkazi wake ndi ana, osagulitsa mowa

Mfana wa ku Kawale: Ndipo sindikunena zocheza. Sosi wa moo ping ndinafunsa kwa agogo aja kudzera pa Google Translate, adyo, mizu ya coriander, tsabola, shuga, soya sosi ndi mkaka wa kokonati. Ndayesa kale dzulo kunyumba, mayi anga anadya timitengo tisanu

Ankolo a ku Leeds: Zimenezo nde ndingathandizeko. Undilembere mtengo wa sola ndi batire, ndione chimene ndingachite kumapeto kwa mwezi

Mfana wa ku Kawale: Ankolo zikomo kwambiri, mawa ndipita ku Area 2 kukafunsa mitengo ndikutumizirani

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ukatsegula utiuze tsiku, ndidzatsika ndi akazi anga. Koma ana anga 8 koloko adzakhala atabwerera kunyumba

Mayi a Geni: Nesi mwanawe, madiresi a buluu aja abwera 11 kapena 12? Ndikuwerenga pano ndikupeza 11

Nesi: Ndi 12 anti, imodzi inalowa mu sutikesi ya msuweni pamene timachepetsa kulemera pa sikelo. Ndibweretsa Loweruka ndikachoka ku ntchito